Nsalu ya pa Kabati

Lamlungu dzuwa litapendeka, Chande anakhala pakhonde ndi galasi la nyali m'manja. Pambali pake panali nyuzipepala yakale imene anapempha kwa mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nayo. Asanang'ambe kalikonse, anaitambasula pamaondo nayamba kutembenuza tsamba ndi tsamba, kuyang'ana kumaso ndi kuseri komwe. Masamba atatu anali ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Amenewo anawapinda mosamala nawalowetsa pansi pa mkeka. Anang'amba tsamba la nkhani za mpira, naliyang'ananso kuseri, kenaka n'kulifinya. Anauzira mpweya m'galasimo nayamba kuzungulitsa pepalalo pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kuti ntchito ithe.

Nafisa, mkazi wake, ankasankha mpunga m'lichero pafupi ndi khomo. Anamuyang'ana kanthawi ndithu.

"Galasi lomwelo kuyambira pemphero la alasiri? Mulibowola, bambo a Sidik."

"Mwaye wake wakakamira."

"Mwayewo uli m'mutu mwanu." Anataya kamwala pabwalo, nkhuku n'kukathamangira. "Achimwene Usumani anadzera pano m'mawa, inu muli kumsika. Sanalowe. Anaima kunja kwa mpanda. Akuti safuna anthu aziti mukupangana."

"Amati chiyani?"

"Amangofunsa ngati katundu uja wafika. Ndinati za kushedi ine sindizidziwa."

"Wafika dzulo pa sitima."

"Ndiye mawa mukamanga?"

"Mawa."

"Nanga akapsanso?"

Chande anayang'ana kuseri kwa mpanda wa udzu, kumene mkazi wa nyumba ina ankayanika zovala zimene zinkaoneka kuti zinauma kalekale. Nafisa anaona kumene maso a mwamuna wake analoza, natsitsa mawu, n'kuyamba kulankhula Chiyao.

"Ndakhala nanu zaka khumi ndi chimodzi. Mukadziwa chinthu n'kumachiopa, mumayamba kupukuta zinthu zoyera kale. Inu mukudziwa chimene chikuwotcha makinawo."

Chande anakweza galasilo kulozetsa kudzuwa. Linali mbee. Anang'amba pepala lina.

Iye anali wa magetsi pa shedi yosulira zitsulo imene inali kuseri kwa siteshoni ya Balaka. Pashedipo ankapanga zipangizo za mijigo ndi za zigayo, ndipo anthu ankabwera nazo zitsulo zothyoka kuchokera ku Rivirivi, ku Nkaya, mpaka ku Ntaja. Chaka cha 1990 azungu a bungwe lina lothandiza anabweretsa makina osema zitsulo oyendera kompyuta. Munthu ankangodina manambala, makinawo n'kusema okha chitsulo chofanana ndendende ndi chinzake, khumi, makumi awiri, osaphonyetsa. Chitsulo chosemedwacho chinkagwidwa ndi mpini waukulu wozungulira umene ankautcha sipindo. Liwiro la sipindo linkalamulidwa ndi bokosi lamagetsi lotchedwa dalaivu, ndipo bokosilo linkakhala m'kabati yachitsulo yaitali ngati munthu, itaimikidwa pafupi ndi khoma. Azunguwo anaphunzitsa anthu awiri. Usumani, mlongo wake wa Nafisa, anamuphunzitsa kuyendetsa makinawo. Chande anamuphunzitsa za magetsi ake. Atatero anasiya dalaivu imodzi yapadera ndi buku lalikulu lachingerezi, n'kubwerera kwawo.

Mwezi wa Julaye chaka chotsatira kunabwera akuluakulu a chipani kudzaona makina odziyendetsa okhawo. Mayi Sabina, amene ankasesa ndi kuphika tiyi pashedipo, analinso wapampando wa amayi a chipani m'dera lawo. M'mawa wa tsikulo anabwera ndi nsalu ya chipani yatsopano, naiyala pa kabati kuyambira pamwamba kutsetsereka kutsogolo konse, nkhope ya mtsogoleri ili pakati penipeni pa chitseko. Alendowo anawomba m'manja. Atapita, nsalu sinachokenso. Mayi Sabina anaitsikiza ndi zitsulo ziwiri pamwamba, nati malole a thonje akuwutsa fumbi lambiri, ndipo chinthu chamtengo wapatali sichikhala maliseche. Kunyumba kwawo wailesi ndi makina osokera zonse zinali ndi nsalu zake.

Chande anaona tsiku lomwelo kuti nsaluyo yatseka timabowo ta m'munsi mwa chitseko, momwe mpweya wozizira unkalowera, ndi ta pamwamba, momwe wotentha unkatulukira. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kunali kozizira nthawiyo, ndipo makina anayenda bwinobwino mpaka Ogasiti kutha.

Kutentha kwa Seputembala kutafika, makinawo anayamba kuzima okha masana, kanyali kofiira kali phethiphethi. Usumani, amene sankaopa zinthu msanga, anazolowera kukwezera nsaluyo pambali ndi kutsegula chitseko cha kabati kuti muzizire. Wina anamuona. Amene anamuonayo sanadziwike, koma nkhani inafika ku ofesi ya chipani isanafike kwa a Lyford, kapitawo wa shedi. A Lyford anaitana anthu onse, namufunsa Usumani chifukwa chake ankavula nsalu ya chipani ndi kugwiragwira m'kabati. Usumani anati mkatimo mukutentha.

"Ndiye ukuti nsalu ya chipani ndiyo ikuwononga makina?" anafunsa a Lyford.

Usumani anayang'ana pansi. Kenaka anayang'ana Chande. Chande anali kuyang'ana nsapato zake.

Pa kabati anakhomapo loko, kiyi n'kupatsa Feston, wosunga zipangizo kusitolo ya pashedi. Sabata yomweyo dalaivu inapsa. Chande anamanga yapadera ija, ndipo inakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi, n'kupsanso tsiku lina lotentha la Okutobala. Apo kunabwera bambo wina wa suti yotuwa, amene sananene dzina lake kapena ofesi yake. Anafunsa kwawo kwa Usumani. Atamva kuti ndi ku Ntaja, anafunsa ngati ali ndi abale kutsidya kwa malire. Analemba zonse m'kabuku. Usumani anaimitsidwa ntchito, koma anauzidwa kuti azibwera tsiku ndi tsiku kudzakhala pageti kufikira nkhani itatha. Mawu akuti kuwononga dala katundu wa chitukuko anayamba kuyenda m'shedimo monong'ona, ndipo aliyense ankadziwa kuti mawu otere amapita naye munthu kumene abale safunsa njira yake.

Lolemba m'mawa Chande anamupeza mlamu wakeyo atakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa kesha, kunja kwa geti, kofia ali pabondo.

"Asalamu aleikumu, alamu."

"Aleikumu salamu. Mwaona mmene andikwezera pantchito? Tsopano ndikulondera mtengo uwu kuti usathawe." Usumani anaseka yekha, koma maso ake anali pa windo la sitolo. "Musaime nthawi yaitali. Pawindo apo pali anthu osaphethira."

"Ana ali bwanji?"

"Akudya. Wamng'ono uja akuti abambo ali pa holide." Anatembenuza kofia. "Mukamanga, mangani bwino. Ine sindikukupemphani kanthu, mwamva? Mlongo wanga asakhale wamasiye amuna ake ali moyo. Mmodzi akwanira."

Chande anakankha njinga yake kulowa. Asanaimike n'komwe, a Lyford anamukodola pakhomo la ofesi.

Kapitawoyo anali munthu wonenepa, wa thukuta losatha, ndipo chiyambire nkhaniyi anali ataonda m'khosi. Anatseka chitseko, natsegula windo, nalitsekanso. Anatulutsa pepala lotaipa m'dilowa.

"Bambo aja akubweranso Lachitatu. Akufuna aone makina akuyenda, ndipo akufuna mawu a wa magetsi. Ndalemberatu kuti musavutike."

Chande anawerenga pang'onopang'ono. Pepalalo linkati iye, monga wodziwa za magetsi, wapeza kuti madalaivu onse awiri anaonongeka chifukwa cha dzanja la munthu amene ankalowa m'kabati popanda chilolezo. M'munsi munali mzere wa dzina lake.

"Yachiwiri ija inapsa pali loko," anatero Chande.

"Anali ataononga kale zinthu zina mkatimo. Si zotheka zimenezo?"

Chande anabweza pepalalo kwa a Lyford.

"A Chande, ine ndilibe naye mlandu Usumani. Ndinadya nawo mpunga pa ukwati wake. Koma madalaivu awiri apsa, iyi yachitatu yachita kuitanitsidwa kunja, ndipo anthu aja sabwerera chimanjamanja. Akapanda kutenga mmodzi atenga atatu, ine ndi inu tili momwemo. Ndani sadziwa kuti inu ndi pachilamu? Mukakana kusaina adzati munali awiri." Anapukuta m'khosi ndi mpango. "Kamba amanyera womtola. Musiyeni pomwe ali."

"Ndiyambe ndamanga," anatero Chande.

"Mangani. Pepala likhala pano."

Kuti chitseko cha kabati chitseguke bwino panafunika kuchotsa nsalu, ndipo panalibe mwamuna aliyense m'shedimo wofuna kuigwira. Anaitana mayi Sabina. Iwo anasamba m'manja, nachotsa zitsulo zotsikizira, naipinda nsaluyo mwaulemu, nkhope ili mkati.

"Yada ndi fumbi," anatero. "Ndikaichapa ndi kuisita, Lachitatu alendo aipeze ikuwala. Mwaona fumbi lonseli, a Chande? Likanalowa m'makina anuwo."

"Zikomo, mayi."

Feston anabwera ndi kiyi, natsegula loko, n'kukhala pa mgolo wa oyilo ndi nzimbe yake. Anali atauzidwa kuti asachoke pamalopo kabati ili yotsegula. Chande anazimitsa magetsi onse a makina pa switchi yaikulu, nadikira mpaka kanyali ka mkati mwa dalaivu yakale katazimiratu, pakuti mzungu uja anamuchenjeza kuti bokosilo limasunga moto ngakhale magetsi atazima. Anayesa ndi mita yoyezera magetsi. Kenaka anayamba kumata timapepala pa waya uliwonse ndi kulembapo nambala asanaumasule: atatu aakulu olowetsa magetsi, atatu opita ku mota ya sipindo, wa pansi, ndi tiwaya tating'ono tambirimbiri tochokera ku kompyuta. Dalaivu yakaleyo inkanunkhabe chiwauko. Pakona yake ya pamwamba utoto unali utatupa matuza.

Atafika pa sefa ya kutsogolo kwa fani ya m'kabatimo, anaima. Timabowo tonse tinali titatsekeka ndi ubweya wa nsalu, wofiira, wobiriwira ndi wakuda, wolukana ngati chisa. Fani inkakoka mpweya, nsalu n'kumamatirira pachitseko, ulusi wake n'kumalowa. Chande anatembenuka kuti msana wake utchinge, nakolopola ubweyawo ndi chala, n'kuufumbata. Anauponya m'thumba la ovolosi ngati chinthu chakuba.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa Feston, akulavula makoko.

"Fumbi."

"Ehe."

Kunja sitima ya katundu inkasuntha mabogi, kugunda ndi kubwerera.

"Mukuganiza kuti ndine ndinakanena, eti?" anatero Feston mwadzidzidzi.

Chande anapitiriza kumasula bawuti.

"Aliyense akuganiza choncho. Ndikalowa pa tiyi nkhani imasanduka ya mvula. Chifukwa choti ndimayenda ndi kope? Kopelo ndi la misomali ndi girisi, a Chande. Ine ndimalankhula kwambiri, ndikudziwa, koma zanga zonse zimathera pompano." Anamenya nzimbe pabondo n'kuithyola. "Mukufuna ndikuuzeni zoona? Ine ndimaganiza kuti ndinu."

Sipanala inaima m'dzanja la Chande.

"Musandiyang'ane choncho. Makinawa munaphunzira awiri. Mmodzi akachoka, otsala ndi ndani? Ndiponso munthu wosalankhula sadziwika kumene amakalankhulira."

"Usumani ndi mlamu wanga."

"Anthu akuperekana a mimba imodzi, inu mukuti mlamu?"

Chande anabwerera ku bawuti yake. Anazindikira kuti mwina si Feston yekha amene ankaganiza choncho. Anakumbukira momwe anyamata owotcherera zitsulo ankasiyira kuseka iye akamadutsa, iye n'kumayesa kuti ndi ulemu.

Awiriwo ananyamulira limodzi dalaivu yatsopano kuichotsa m'bokosi lake la matabwa. Inali yolemera ngati thumba la simenti. Anaikoleka pa mabawuti anayi, Chande n'kubwezeretsa mawaya mmodzimmodzi, kuwerenga nambala iliyonse kawiri, kukoka uliwonse pang'ono kuti aone ngati wagwira. Kenaka anatsegula buku lachingerezi pa tsamba limene mzungu uja analembapo ndi pensulo manambala oyenera mota yawo, nawalowetsa onse m'dalaivumo podina timabatani titatu ta kutsogolo. Dzuwa linali litapendeka pamene anamaliza, ndipo anati ayesa mawa.

Ali kulongedza zida, anasuzumira kuseri kwa kabati. Pakati pa kabatiyo ndi khoma panali mpata wokwana dzanja ndi dirilo. Nsalu sinkafika kumeneko. Maganizo anamubwerera onse pamodzi, osalala, opanda chokhumudwitsa: mabowo awiri kuseriko, limodzi m'munsi, lina pamwamba, ndi fani yakale ya makina owotcherera imene inali m'bokosi lake la zotsalira. Mpweya uzilowera kumbuyo ndi kutulukira kumbuyo. Nsalu ikhale pamalo pake, mayi Sabina asakhumudwe, dalaivu isapse, ndipo iye asatchule kanthu kwa munthu aliyense. Feston atapita kukabweza bokosi, Chande anajambula timizere tiwiri tozungulira ndi choko kuseriko. Tsikulo anapalasa njinga mopepuka, ndipo anadya bwino mpaka Nafisa anamuyang'ana modabwa.

Lachiwiri anayatsa makina cha m'ma naini. Anayamba ndi liwiro laling'ono, sipindo ikuzungulira yopanda kanthu, iye atagunditsa chogwirira cha sikuludalaiva pakhutu, nsonga yake ili pa mota, kumvetsera. Anakweza liwiro, nakwezanso. Kenaka anamanga chitsulo, naitana pulogalamu ya ndodo za mjigo imene Usumani anasiya m'kompyutamo. Mpeni wa makinawo unaluma chitsulo, zinyenyeswa zikupotana ndi kugwa ngati tsitsi lometedwa.

Tsikulo kunatentha kotero kuti malata a denga ankalira okha. Agalu a pasiteshoni anabisala pansi pa mabogi. Nthawi ngati imeneyi, wani koloko, thu koloko, ndiyo makina ankazimira. Chande ankapita ku kabati pakangotha ndodo iliyonse, n'kuika dzanja pamwamba. Mpweya wofunda unkatuluka bwinobwino, ukukankha dzanja lake. Chitseko chinali chotseka, loko ali pomwepo, nsalu yokha ndiyo inalibepo. Kanyali kofiira sikanayake ngakhale kamodzi. Pofika folo koloko ndodo makumi atatu zinali zitandandalikidwa pa benchi.

Feston anabwera kudzaziwerenga. Anaika nayenso dzanja pamwamba pa kabati, naligwiritsa pamenepo kanthawi, n'kuyang'ana Chande. Chande anayang'ana kumbali. Feston anachotsa dzanja, nalipukuta pa thalauza ngati wagwira chosayenera.

"Zikuyenda," anatero.

"Zikuyenda."

"A Lyford akuti ikangotha mwezi umodzi osapsa, ndiye basi, umboni wakwana. Munthu wachoka, vuto lachoka. Sipafunikanso n'pepala lomwe." Analemba m'kope lake. "Usumani ali ndi ana anayi. Mhm."

Anthu ataweruka, Chande anatsala kuti akolope zinyenyeswa. Anatenga dirilo, nalumikiza chingwe, nagwada pambali pa kabati. Timizere ta choko tinali pomwepo. Anaika nsonga ya dirilo pakati pa kamzere ka m'munsi, chala chili pa batani.

Mawu a Feston anali asanachoke m'mutu mwake. Akaboola, dalaivu sipsa. Ikapanda kupsa nsalu ili pomwepo, aliyense adzaona ndi maso kuti nsalu inalibe vuto, ndi kuti makina anachira tsiku limene Usumani anachotsedwa. Luso lake lomwelo ndilo lidzasaine pepala lija, ndipo lidzasaina bwino kuposa cholembera. Akapanda kuboola, n'kukhalanso chete, dalaivu yachitatu idzapsa pasanathe milungu itatu, Usumani atapita kale, ndipo bambo wa suti adzabwerera kudzatenga mlamu wotsalayo.

Anagwada choncho mpaka maondo anachita dzanzi. Mlonda anakhosomola pakhomo, makiyi ali m'manja. Chande anazula chingwe, nafufuta choko ndi chikhatho. Potuluka anapeza pansi pa mtengo wa kesha pali njerwa yokha.

Lachitatu bambo wa suti yotuwa anafika cha m'ma leveni, ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira. Galimoto yawo anaiimika pageti penipeni, kumbuyo kwake kutaloza mtengo. A Lyford anawalandira ndi manja awiri, nawalowetsa m'shedi, pepala lija lili pa kathabwa kukhwapa. Antchito onse anaima m'mbali mwa khoma. Usumani anaitanidwa, naima pakhomo, mnyamata mmodzi ali kumbuyo kwake.

Chande anayatsa makina. Sipindo inanyamuka, mpeni unaluma, ndodo inatuluka yosalala. Bamboyo anaitenga, naizunguza m'manja, nayerekeza ndi inzake.

"Zabwino," anatero ndi mawu ofewa. Sankakweza mawu munthuyu. "Ndiye chiyambire dzulo palibe vuto?"

"Palibe, bwana," anayankha a Lyford.

"Ndipo bambo awo sanayandikireko?"

"Iyayi, bwana. Ali kugeti."

"Mwaona nokha." Anabweza ndodo pa benchi. "Wa magetsi ndi uti?"

A Lyford anamusonyeza Chande, namupatsa kathabwa ndi cholembera. Cholemberacho chinali chonyowa ndi thukuta la m'manja mwawo.

Nthawi yomweyo mayi Sabina analowa kuchokera kukhitchini, nsalu ili pa manja awiri, yochapidwa, yositidwa, mizere ya simbi ikuonekera. Anagwadira alendo pang'ono, napita ku kabati, naitambasula. Anyamata a malaya ofiira anawongoka. Mayiwo anaima chadodolido kuti afikire pamwamba, ndipo mpweya wotuluka m'timabowo unatukula m'mphepete mwa nsaluyo, n'kuigwetsanso.

"Mayi, dikirani."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti phokoso la sipindo linawameza. Mayi Sabina anapitiriza kusalaza ndi dzanja. Chande anatambasula mkono, nadina batani lofiira. Sipindo inachepetsa liwiro, n'kuima. M'shedi monse munangotsala kulira kwa fani ya m'kabati, ndipo kulirako kunali kutasintha kale, kukumveka ngati munthu wopuma pansi pa bulangete.

"Ndati dikirani, mayi. Musayale."

A Lyford anatseka maso. Bambo wa suti anatembenuka pang'onopang'ono.

"Pali vuto, a magetsi?"

"Lilipo, bwana." Lilime la Chande linali lolemera, losazolowera ntchito yotere. "Mvetserani fani imeneyo. Dzulo siinkalira choncho. Makinawa amakoka mpweya m'munsimu, n'kuutulutsa pamwambapa. Akatsekedwa, moto umakhala mkati. Madalaivu awiri aja sanawotchedwe ndi dzanja la munthu. Inawawotcha ndi nsaluyi."

Palibe anasuntha. Mayi Sabina anagwira pakamwa. Mnyamata wa pakhomo anayang'ana mnzake.

"Mukudziwa nsalu imene mukunena?" anafunsa bamboyo, mofewa momwemo.

"Ndikuidziwa, bwana. Mkazi wanga ali nayo, khadi la chipani ndili nalo m'thumba muno. Chikanakhala chiguduli kapena mkeka wa mumzikiti, zikanapsa chimodzimodzi. Makina saona chimene chajambulidwapo."

"Bambo awo ndi ndani wanu?"

"Mlamu wanga. Mulembe zimenezo, ndi zoona. Mulembenso kuti yachiwiri inapsa kabati ili ndi loko, kiyi ali kwa Feston, iye osagwirako. Mulembe kuti dzulo makina anasema ndodo makumi atatu dzuwa lili pamutu, opanda nsalu, osazima. Aliyense ali pakhoma apo anaona."

Bamboyo anayendetsa maso pa anthu a pakhomawo, mmodzimmodzi. Ena anaweramitsa mitu. Feston sanaweramitse.

"A Chande," ananong'ona a Lyford, "ganizirani ana anu."

"Ndawaganizira miyezi itatu, akapitawo." Mawu ake tsopano anali atapeza njira, ndipo ankatuluka okha. "Mayi Sabina sanalakwe. Amateteza fumbi, ndipo palibe anawauza. Woyenera kuwauza ndinali ine, tsiku lomwe anayala, mwezi wa Julaye. Ndinaona, ndinadziwa, ndinaopa. Usumani ankatsegula chitseko kuti apulumutse makina, ndipo tsiku lomwe munamufunsa pamaso pa anthu, ine ndinaima apa ngati chitsa. Ngati pakufunika munthu amene anawonongetsa katundu, ndi amene anaphunzitsidwa za magetsi n'kukhala chete. Dzulo ndinatsala pang'ono kuboola kuseriku mobisa kuti zonse ziyende, inu muziti anali iyeyo. Sindinaboole."

Anaika kathabwa kaja pa benchi, cholembera pamwamba pake.

"Musakhulupirire ine, bwana, ndine mlamu wake. Yalani nsaluyo bwinobwino, mutsikize ndi zitsulo monga kale, ndiyatse makina. Mukhale pompano mpaka thu koloko, dzanja lanu lili pa chitsekochi. Kanyali kofiira kakapanda kuyaka, mutitenge tonse awiri. Koma pepala ili sindisaina."